Wanena Ndani? Nyuzipepala, Wailesi ndi Mavoisi a Kampeni Kwathu ku Ntcheu

Ku America kuli mwambo umene ambiri kuno angaudabwe. Chisankho cha pulezidenti chikayandikira, akonzi a nyuzipepala amakhala pansi n'kukambirana, kenako n'kulemba poyera patsamba la maganizo awo kuti ife taona kuti woyenera ndi uje, ndipo zifukwa zathu ndi izi. New York Times idayamba kalekale zimenezi. Mu 1860 idaima ndi Abraham Lincoln, ndipo chisankhireni Dwight Eisenhower mu 1956 sidaimenso ndi munthu wa chipani cha Republican. Aliyense woigula amadziwa kumene imapendekera. Ndiye mu Okutobala 2024, kutatsala masiku owerengeka kuti anthu asankhe pakati pa Kamala Harris ndi Donald Trump, Washington Post idalengeza kuti ulendo uno sitchula munthu. Zidamveka kuti akonzi adali atalemba kale zoima ndi Harris, koma mwini nyuzipepalayo, mpondamatiki Jeff Bezos, ndiye adaletsa. Pamasiku ochepa chabe anthu oposa 200,000 adasiya kuilipira. Ku Los Angeles Times nako mwiniwake, Patrick Soon-Shiong, adachita chimodzimodzi, mpaka mkonzi wa tsamba la maganizo, Mariel Garza, adatula pansi udindo.

Owerengawo sadakwiye chifukwa chosowa wowauza munthu womuvotera. Amene amalipira Washington Post mwezi ndi mwezi ankadziwa kale kokaponya voti yawo. Komanso mawu a akonzi sapambanitsa munthu: mu 2016 pafupifupi nyuzipepala zonse zikuluzikulu za m'dzikolo zidaima ndi Hillary Clinton, koma wokalowa ku White House adali Trump. Chidawapweteka n'kuona mwini chuma akutseka pakamwa akonzi ake, kenako n'kuuza anthu kuti uku ndiye kusakondera. Ankafuna kudziwa kuti akamawerenga, akumva mawu a ndani. Funso limeneli ndi lathunso, ndipo kwathu kuno ku Ntcheu ndi Dedza ndi lolemera kuposa kwawoko.

Nyuzipepala zathu zikuluzikulu zilibe mwambo wolemba kuti voterani uje. Ena amati zimenezi n'zabwino, dziko lathu n'laling'ono, nkhani za zigawo ndi mitundu sizichedwa kuyaka. Ndimawamvetsa. Koma kusatchula dzina sikutanthauza kuti nyuzipepala ilibe mbali, ndipo mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Malawi News idabadwa mu 1959 ngati nyuzi ya chipani cha Malawi Congress, mkonzi wake ali mnyamata Aleke Banda. Nthawi yonse ya Kamuzu, iyo ndi Daily Times zinkaimba nyimbo imodzi ndi wailesi imodzi yomwe idalipo. Mphepo itasintha mu 1993, chaka cha riferendamu, tinyuzi tidabuka tambirimbiri, tambiri mwa ito ta zipani kapena ta anthu ofuna mipando, ndipo tidafa mwakachetechete chisankho cha 1994 chitadutsa. The Nation, yomwe idapirira mpaka lero, adaiyambitsa chaka chomwecho cha 1993 ndi Aleke Banda yemwe uja, ali mkati mwa ndale za UDF. Sindikunena izi pofuna kunyoza. Nyuzipepala zimenezi zafukula zambiri zomwe akuluakulu ankafuna zikwiririke, ndipo The Nation idalawa chilango mu 2010 pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidaletsa maofesi ake kuikamo malonda. Ndikungonena kuti palibe nyuzipepala yogwa kumwamba. Iliyonse ili ndi mwini, mwiniyo ali ndi abale, abwenzi ndi ngongole.

Kupendekera kwa kuno kumabisala m'zinthu zing'onozing'ono. Msonkhano wa uyu wajambulidwa kuchokera pamwamba pa lole kuti chinamtindi cha anthu chioneke, wa winayo wajambulidwa chapafupi, nkhope ya mtsogoleri yokha ali thukuta kamukamu. Nkhani yoipa ya uyu ili patsamba loyamba, ya winayo ili mkati pafupi ndi malonda a matayala. Uyu akayankhula akuti walonjeza, winayo akayankhula akuti wadzichemerera. Ife alimi timadziwa mavenda awiri. Wina amakuuza pamaso kuti soya wako ndigula motsika, ufune usafune, ndipo umatha kukana n'kusenza thumba lako kupita kwina. Wina amatchula mtengo wokoma, koma sikelo yake adaifinya kale. Wachiwiriyu ndiye amatisaukitsa, chifukwa umachoka ukumuthokoza. N'chifukwa chake ine ndikadakonda mkonzi wolimba mtima wolemba kuti ife tili mbali iyi, n'kusaina, kusiyana ndi wondilumbirira kuti alibe mbali pomwe tsamba lake loyamba likunena zina.

Komatu tisadzinamize. Kodi ndi angati pakati pa Biriwiri, Lizulu ndi Bembeke amene amagwira nyuzipepala m'manja? Imafika paboma ndi m'malo ochepa a m'mbali mwa msewu wa M1. Ukangokhota kulowera ku Tsangano kapena kutsikira ku Golomoti, umaipeza itakulunga usipa kapena zitumbuwa, ya mwezi watha. Mtengo wake munthu amayamba wauyerekeza ndi mchere ndi sopo. Ndiponso yalembedwa m'Chingerezi. Masamba a Chichewa alipo, monga Tamvani wa mu Weekend Nation, ndiponso Fuko yomwe inkagawidwa ulere m'midzi, koma ndi kadontho poyerekeza ndi ludzu la anthu.

Pali khonde la golosale ina pomwe ndimakonda kukhala ndikapita kumudzi. Aphunzitsi ena opuma ntchito amabwera ndi nyuzipepala yopindapinda m'thumba la jekete, amavala magalasi, n'kuyamba kumasulira anthu a pabawo. Amamasulira mokhulupirika ndithu, ndidawamvetsera. Nyuzi ikati mkulu wakutiwakuti akumuganizira kuti adasokoneza ndalama ndipo iye wakana, iwo amanena zonsezo. Koma wakabaza amene waima kuti amve amangotola theka, chifukwa kasitomala wamuitana. Pofika kuchigayo nkhani ija yasanduka yakuti waba. Pofika kumjigo madzulo, wamangidwa kale. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu wa kumudzi sawerenga nyuzipepala, amamva za nyuzipepala, ndipo kukana kwa woganiziridwa kuja kumatsalira pakhonde pomwepo.

Chimene chimalowa m'nyumba iliyonse ndi wailesi. Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa kwambiri, chifukwa wailesi yomwe imamveka mpaka kuseri kwa mapiri a Dzonzi ndi Chongoni ndi yathu tonse. MBC imayendera misonkho ya mayi wogulitsa tomato pa Lizulu, kaya amavala nsalu ya chipani chanji. Malamulo a zisankho amati ipereke mpata mofanana kwa onse opikisana. Koma kuyambira nthawi ya Kamuzu, kudzera kwa Bakili Muluzi, Bingu, Joyce Banda, Peter Mutharika mpaka Lazarus Chakwera, nyimbo yake yakhala yotamanda amene ali pampando, ndipo magulu obwera kudzaonerera zisankho akhala akulemba zimenezi chisankho chilichonse. Amene tidali ndi makutu nthawi ya Bingu tikukumbuka pulogalamu ya Makiyolobasi, yomwe ntchito yake idali kuseka ndi kunyoza otsutsa boma. Aphungu otsutsa, omwe nthawi imeneyo adali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo, adakwiya mpaka kuipatsa MBC K1 yokha mu bajeti. Mu Epulo 2012 Bingu atamwalira pa 5, dziko lidakhala masiku awiri osauzidwa zoona, nduna zikuonekera usiku pa kanema wa boma osavomera kuti mtsogoleri wapita. Mu Meyi 2020, kampeni ya chisankho chachibwereza ili mkati, kanema yemweyo adaonetsa mawu otukwana Saulos Chilima otengedwa pa Facebook, mpaka adachita kupepesa. Ku Ntcheu kuno anthu sadaiwale.

Ndipo ngati tifuna kupeza zofanana ndi zija amachita akonzi a ku America, kwathu zili pa kanema wa boma. Amasonkhanitsa mafumu, kuwakhazika pamzere atavala mikanjo yawo, aliyense n'kunena kuti ine ndi anthu anga tonse tili pambuyo pa bwana. Mawa lake abusa. Mkuja gulu lina lomwe dzina lake sudalimvepo, ndipo sudzalimvanso chisankho chikatha. Mfumu ndi munthu, ili ndi voti yake imodzi ndi ufulu wake. Koma ikanena kuti anthu anga onse, yawafunsa liti? Mkonzi wa nyuzipepala ukamukana, umangosiya kugula. Mfumu ndi yomwe imaweruza mlandu wa malire a munda wako, ndi yomwe imadziwa mayina olowa m'kaundula wa thandizo njala ikavuta. Mawu ake pa kanema samveka ngati maganizo, amamveka ngati chenjezo.

Wailesi zomwe si zaboma zidatipumitsako. Zodiak itayamba mu 2005 idachita chinthu chomwe chidasintha usiku wa chisankho m'dziko muno: kuika atolankhani m'maboma kuti aziwerenga zotsatira zosatsimikizika malo ndi malo, anthu ali ndi makope ndi mapensulo m'manja akuwonkhetsa okha. Kubera kudayamba kuvutirapo. Komabe mwini wake, Gospel Kazako, atasankhidwa kukhala nduna ya zofalitsa nkhani mu 2020, ngakhale padalibe lamulo lomwe adaphwanya, anthu ambiri adayamba kumvetsera ndi khutu lina. Ndi mmene zimakhalira, chikhulupiriro chimamangidwa zaka zambiri koma funso limodzi limakwana kuchigwedeza. Palinso nkhani yomwe atolankhani eni ake amaidziwa bwino, ya chipondamthengo. Mtolankhani wa paboma malipiro ake ndi ochepa, ena salipidwa n'komwe. Kuti akafike kumsonkhano ku Kasinje kapena ku Mayani, galimoto ndi ya wandale, chakudya ndi cha wandale, pobwerera envelopu. Sindikumuweruza mnyamata ameneyo, ali ndi lendi yoti alipire. Koma nkhani yomwe atumize madzulo ake singanene kuti anthu adabwera ochepa ndipo ambiri adachita kutengedwa pa malole.

Tsono pamwamba pa zonsezi padabwera foni.

Azakhali anga amagulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu. Intaneti alibe, kafoni kawo n'kamabatani. Koma mnyamata wotchaja mafoni pamsikapo amawaikira nyimbo za kwaya mu memori khadi, ndipo nthawi ya kampeni ya 2025 ankaikamonso mavoisi omwe ankazungulira pa WhatsApp. Tsiku lina ndikuwathandiza kuthira mbatata m'ndowa adanditcha.

"Iwe mwana wa achimwene, tabwera umve ichi."

Adali mawu a bambo, odekha, osathamanga, Chichewa chake chosalala ngati cha wowerenga nkhani. Adayamba ndi kupereka moni kwa Amalawi onse okonda dziko lawo, n'kunena kuti iye ali mkati mwenimweni koma dzina satchula poopa moyo wake. Kenako adafotokoza kuti makina ojambula chiphaso cha unzika pa kalembera ndi olumikizana ndi a feteleza wotsika mtengo, choncho aliyense wovota molakwika adzadziwika ndipo dzina lake lidzafufutidwa.

"Azakhali, ameneyu ndi ndani?"

"Akuti ndi wamkati."

"Mkati mwa chiyani?"

"Aaa, iwenso. Munthu angadzitchule dzina pankhani ngati imeneyi? Si angamusowetse?"

Yankho limenelo lidandikhala pamtima. Kusowa kwa dzina, komwe kukadayenera kuwakayikitsa, ndi komwe kudawatsimikizira kuti munthuyo akunena zoona. Ndidawafotokozera kuti papepala lovotera sipalembedwa dzina la munthu, umachonga uli wekha, umapinda wekha, umaponya m'bokosi momwe muli mapepala a mudzi wonse, ndipo madzulo amawerenga pamanja pomwepo mamonita a zipani zonse akuona. Adandimvetsera bwinobwino, kenako adafunsa funso lanzeru: "Nanga chiphasocho amachijambuliranji?" Ndidati n'chongotsimikizira kuti ndinudi amene mudalembetsa, kuti wina asavote kawiri. Adagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Ndamva mwanawe, koma ine fetelezayo ndikumufuna." Adandiuzanso kuti amayi ena a m'mudzi mwawo adagwirizana zongokhala kunyumba tsikulo, kuti asapezeke olakwa mbali iliyonse.

Wopeka voisi imeneyo ankadziwa ntchito yake. Sadapeke zonse. N'zoona kuti chiphaso cha unzika chimafunika polembetsa mavoti, n'zoonanso kuti chinkafunika pogula feteleza wotsika mtengo wa AIP. Adangotenga zoona ziwiri n'kuzilumikiza ndi bodza limodzi, n'kuliponya pamalo pomwe munthu wa kuno amaopa kwambiri, pamunda wake. Mabodza a kampeni ali mitundumitundu. Alipo onyoza opikisana, akuti uyu akudwala sangathe chaka, uyu adagulitsa dziko, uyu ndi wamasalamusi. Amenewa ndi oipa, komabe anthu amawatsutsana okha pabawo, wina amakana, wina amaseka. Oopsa zedi ndi okhudza kavotedwe: akuti tsiku lasintha, akuti inki ikukufufutika, akuti mavoti adaponyedwa kale ndiye kupita n'kungotaya nthawi, akuti adzakudziwa. Bodza lotere silikusintha maganizo, limangokukhazika pakhomo. Ndipo amene amakhala pakhomo kawirikawiri ndi mayi wa kumudzi, gogo, munthu amene voti ndiyo mphamvu yokhayo yomwe ali nayo pa anthu a ku Capital Hill.

Pali anzanga ophunzira omwe akamva zoterezi amangoti vuto ndi umbuli. Ndimakana. Anthu a kuno sakhulupirira mphekesera chifukwa chopusa, koma chifukwa adaonapo mphekesera ikusanduka zoona pamene akuluakulu ankaikana. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chitachitika, zithunzi za mapepala a zotsatira opakidwa Tippex zidayamba kuyenda pa mafoni. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC, pansi pa Jane Ansah, lidalengezabe kuti Peter Mutharika wapambana ndi 38.57 peresenti, Chakwera 35.41, Chilima 20.24. Odandaula ankanenedwa kuti ndi osavomereza kugonja. Koma pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko adathetsa chisankhocho, ndipo khoti la Supreme lidagwirizana nawo mu Meyi. Munthu amene adaona zimenezo, ukamuuza lero kuti usamvere za pa foni, mvera za akuluakulu, akuyang'ana kawiri.

Kwa ife a ku Ntcheu palinso bala lina. Pa 10 Juni 2024 ndege yomwe idanyamula Saulos Chilima ndi anthu ena 8 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo idapezeka mawa lake. Maola amene adadutsa anthu asakudziwa chomwe chachitika adadzadza ndi mavoisi, zithunzi ndi nkhani za mtundu uliwonse. Pomwe thupi linkabwera ku Nsipe, msewu udadzaza anthu olira ndi okwiya, ndipo anthu anayi adafa atagundidwa ndi galimoto. Malipoti a kafukufuku adatuluka pambuyo pake, olembedwa m'Chingerezi cha akatswiri a ndege. Ndi angati ku Nsipe, ku Kampepuza kapena ku Mlangeni omwe adapeza wowakhazika pansi n'kuwafotokozera m'chiyankhulo chawo zomwe malipotiwo adapeza, ndi mafunso omwe adatsala? Pomwe padalibe wofotokoza, ofuna mavoti a mbali zonse adalowapo. Boma lathu la Ntcheu latulutsa Chilima, latulutsa Everton Chimulirenji yemwe adaima ndi Mutharika mu 2019, latulutsanso Jane Ansah yemwe adaima naye mu 2025. Andale amadziwa kuti mavoti a kuno sakhala m'thumba la chipani chimodzi, n'chifukwa chake amatisakasaka, ndi zoona ndi zabodza zomwe. Kuseri kwa malire a boma, ku Dedza kwa malemu John Tembo, komwe tambala wakuda adazika mizu, mavoisi ake amakhala ena, koma kapangidwe kake n'komweko.

Chisankho cha pa 16 Seputembala 2025 chidabwera anthu atatopa kale ndi mizere ya mafuta ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu. Opikisana pa mpando wa pulezidenti adalipo 17. Miyezi yambiri chisanachitike, mkangano udali pa makina a kampani ya Smartmatic, otsutsa akuti ndi obera, MEC ikuti ayi. Mkanganowo pawokha sudali woipa, zipani zili ndi ufulu wofunsa. Koma pofika kumudzi udali utavula mfundo zonse, kutsala chiganizo chimodzi chakuti zatha kale. Bungwe la kafukufuku la IPOR la ku Zomba litatulutsa zoti Mutharika ali patsogolo, a mbali ya boma adalinyoza kuti lagulidwa, kuiwala kuti mu 2020 bungwe lomwelo lidaonetsa Chakwera ali patsogolo ndipo olinyoza adali a DPP. Mavoti ataponyedwa, MEC ili ndi masiku 8 owerengera malinga ndi lamulo, zipani ziwiri zikuluzikulu zidayamba kudzilengeza zokha kuti zapambana, ndipo pa mafoni pankayenda mapepala a manambala okhala ndi chizindikiro cha MEC omwe MEC sidatulutse. Wapampando wa bungwelo, Annabel Mtalimanja, adachita kuchenjeza kuti anthu adikire. Pa 24 Seputembala Chakwera adavomereza kugonja, ndipo madzulo ake zidalengezedwa kuti Mutharika wapeza 56.8 peresenti, Chakwera 33. Tidadutsa mwamtendere, tithokoze Mulungu. Koma kusiyana kukadakhala kochepa ngati kwa 2019, manambala opeka aja akadayatsa moto.

Anthu ena amati mankhwala ake ndi kumanga ofalitsa mabodza. Lamulo lilipo, la 2016 loona za pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi WhatsApp. Kumayambiriro kwa 2025 kudamvekanso kuti MACRA, bungwe loyang'anira za wailesi ndi mafoni, ikugula makina owunikira nkhani zabodza kuchokera ku kampani ya ku Ghana, pamtengo wa madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Ine njira imeneyi imandiopsa. Amene amamangidwa kawirikawiri ndi wonyoza wolamula, osati wonamizira wotsutsa. Ndipo ukamanga munthu chifukwa cha voisi, kwa azakhali anga wangotsimikiza kuti bambo wamkati uja adali ndi chifukwa chobisira dzina. Dziko lino lidayesapo kale kutseka pakamwa: pa 20 Julayi 2011 wailesi zidaletsedwa kuulutsa zionetsero zikuchitika, anthu 20 adafa, ndipo mphekesera sizidachepe, zidachuluka.

Chomwe chidagwirapo ntchito m'mbiri yathu ndi china. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ku Bembeke, ku Mua, ku Nsipe komwe, m'chiyankhulo chomwe agogo athu ankamva. Idanena zinthu zomwe wailesi ndi nyuzipepala za nthawiyo sizikadayerekeza kunena. Mphamvu yake idali yakuti eni ake adasaina mayina awo, ankadziwika kumene amagona, ndipo adaitanidwa kukafunsidwa ndi apolisi. Anthu adaikhulupirira chifukwa adaona kuti olembawo aika khosi lawo pamenepo. Patangotha chaka ndi miyezi itatu, pa 14 Juni 1993, Amalawi adavotera zipani zambiri. Sindikunena kuti atsogoleri a mipingo azitisankhira pulezidenti, ayi, ndipo ena mwa iwo masiku ano amalandira nawo maenvelopu. Ndikunena za mtundu wa mawu amene amafika kumudzi n'kukhazikika: a m'Chichewa, onenedwa pamaso, okhala ndi mwini woti ungamufunse mawa.

Nyumba zathu zofalitsa nkhani zikadafuna, zikadachita zimenezi popanda makina a madola. Voisi yabodza ikatuluka m'mawa, pofika masana pakhale voisi ina yoyankha, yaifupi yoti ilowe mu memori khadi ya pa Lizulu, yoyamba ndi dzina la mtolankhani ndi la wailesi yake, yofotokoza mwachimvekere kuti chiphaso chimajambulidwa chifukwa chiyani. Kutsutsa bodza la m'Chichewa ndi nkhani ya m'Chingerezi pa webusayiti n'kuyankha munthu amene sadafunse. A NICE Trust ali ndi anthu m'maboma, wailesi za m'madera zilipo, a MISA Malawi ndi Media Council of Malawi amadziwa atolankhani onse. Nyuzipepala nazo zizilemba poyera eni ake ndi ndani, ndipo tsamba lomwe chipani chalipira lizilembedwa ndi zilembo zazikulu kuti ndi malonda, osati kuliveka malaya a nkhani. Mtolankhani wopita kumsonkhano wa kampeni azipita ndi thiransipoti ya kuntchito kwake. Ngati mkonzi wina wafika poona kuti mmodzi mwa opikisana ndi woopsa ku dziko, alembe, asaine, tidzamutsutse kapena kumuvomereza tikumudziwa.

Koma chachikulu chili pa wailesi ya tonse ija. Bodi ya MBC amaisankha ndi pulezidenti, ndipo bola zili choncho, wogwira ntchito kumeneko azidzayang'ana nkhope ya amene ali ku State House asanawerenge nkhani. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira ndi MBC n'kulonjeza kuti chikalowa chidzaimasula. A MCP ndi anzawo a mu Tonse adalira mokweza mu 2019 ndi 2020, adakhala ndi zaka zisanu, lamulo la kasankhidwe ka bodi lidatsala momwemo. A DPP adalira kuyambira 2020 mpaka 2025 kuti misonkhano yawo sioneka. Tsopano mpando ndi wawo, ndipo chisankho china chili mu 2030. Aphungu a ku Ntcheu ndi Dedza, a chipani chilichonse, akabwera kumudzi kudzapepesa maliro kapena kudzapereka mipira, tiziwafunsa ngati adzaimirire m'Nyumba ya Malamulo kuti bodi imeneyi izisankhidwa poyera, anthu ofuna mipandoyo akufunsidwa mafunso pamaso pa dziko, ndiponso kuti pulezidenti asamathe kuichotsa mmene wafunira.